Chitsulo Chimene Akuti Chinafa Kale

Daveyton, Lachisanu masana

Tadala mwana wanga,

Wapita kukalukitsa tsitsi, ndiye nyumba yapumako. Azimayi a kutchalitchi ali panja akusenda anyezi wa mawa. Ine ndawauza kuti mutu ukundiwawa, ndadzitsekera kuchipinda ndi cholembera. Mutu sukuwawa ayi. Ndikufuna ndimalize nkhani ija unandidula pakamwa dzana ndi mawu ako aja akuti, "Amayi mwayambapo." Eya, ndayambapo, ndipo papepala pano sungandidule.

Malangizo a banja akupatsa kale alangizi, ena anzeru, ena ongofuna kutikumbutsa kuti nawonso anakwatiwapo. Za mchere, za madzi osamba ndi za kugwada sindibwereza. Langa ndi limodzi basi, ndipo ndi la chitsulo chimene chili m'chipinda chomwe akukuperekeza mawa ku Katlehong. Iwe sunachione poti alangizi anakuletsa kupondako ukwati usanachitike. Chili pakona, pakati pa mutu wa bedi ndi sitovu. Kutalika kwake ndi kuchokera pachigongono changa kufika kuzala, mimba yake ngati papaya, kumchira kuli zipsepse, kumutu kuli kamphuno kotsekeka. Amuna ako akufuna kuchinyamula Lolemba kupita nacho kuntchito kwawo ku Wadeville, akachibowole, alowetsemo waya, chikhale nyale ya kuchipinda. Amati ikhale mphatso yokudzidzimutsa. Ndakuululira, pepa. Chitsulocho ndi bomba, Tadala, ndipo sindikufuna kuti ugone nacho chipinda chimodzi ngakhale kamodzi.

Aliyense amene ungamufunse akuyankha mawu awiri omwewo: chinafa kale. Mwini wake woyamba ananena choncho, ankhoswe ako akunena choncho, amuna ako akunena choncho. Ine ndikufunsa kuti anachipha ndani? Maliro ake anapitako ndani? Ndafunsa sabata yonse, palibe wandiyankha.

Mawu amenewa akuti chakufa amatipusitsa ife Amalawi. Wailesi ikasiya kulankhula timati yafa, galimoto ikakana kulira timati yafa, koma palibe amene amakumba manda. Timati bwera nayo kuno tione. Kuno ku Joni takhalira zakufa za azungu. Filiji imene ikuziziritsa nkhuku zako za mawa inali yakufa, anaidzutsa ndi amuna ako masana amodzi, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinavomera mumtima kuti akutenge. Manja a apongozi anga ndimawalemekeza. Amawotcherera zitsulo mwaukhondo, ndipo chinthu chakufa chikafika pamaso pawo sagona mpaka chitadzuka. Luso limeneli ndi limene likundiopsa lero.

Kulakwa kwanga koyamba pa nkhani imeneyi ndinakuchita ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu, kumene msewu umodzi umagawa Malawi ndi Mozambiki. Nkhondo ya kutsidya kwa msewu inali itangotha. Pamudzi pathu panali a Jelasi, okhoma zidebe ndi kumata ndowa pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina atapita kutsidyako kukadula mitengo ya denga anabwerako ndi chitsulo cholemera, nati apeza popindira malata. Ine ndinkapitako kawirikawiri ndi ndowa za agogo ako, ndinkakhala pafupi kuonerera akumenya nyundo pamsana pake. Ndiye panali mayi wina wothawa nkhondo amene sanabwerere kwawo. Anthu ankamutchula wamisala chifukwa chitseko chikangomenyeka ankagwa pansi. Mayiyu akudutsa ndi nkhuni pamutu anachiona chitsulo chija, anaponya nkhuni, nathawa akukuwa m'chilankhulo chake. Tinamuseka. Woseka kwambiri ndinali ine, ndipo kwa masabata ndinkatsanzira kathamangidwe kake pachitsime anzanga n'kumagubuduzika. A Jelasi anangoti, "Chikanakhala chamoyo bwenzi chitandidya kale. Ndachimenya nyundo dzinja lonse." Tonse tinaona kuti akunena zomveka.

Linadutsa dzinja lina, linanso. Tsiku lina tili kudimba tinamva nthaka ikugwedezeka pansi pa mapazi tisanamve phokoso. Zimene tinakapeza pansi pa mango paja sindikulembera, mawa ndi tsiku lako lachimwemwe. Ungodziwa kuti bokosi la a Jelasi silinatsegulidwe kuti anthu aone nkhope, ndipo mtengo uja unauma mbali imodzi. Pamaliro mayi uja anakhala nafe akulira ngati wachibale, sananene kuti ndinakuuzani. Ine ndinalephera kumuyang'ana. Akulu amati wamisala anaona nkhondo, ndipo uyu anaionadi ndi maso ake pomwe ife tinkangoimvera patali.

Ndiye wina akakuuza kuti chakhala zaka zonsezi osaphulika, usagwedeze mutu movomera. Kukhala chete si kufa. Dzimbiri limakhala likudya mkatimo momwe iwe suona, ndipo zinthu zimenezi zikamakalamba m'pamene zimapsa mtima msanga, ngati amayi ako omwe. Ukumbukire a Jelasi, Tadala. Anali munthu wodziwa zitsulo kuposa aliyense pamudzi pathu.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchita kwa a Sajeni. Ukuwakumbukira, mzungu wokalamba wa ku Benoni amene ndinamugwirira ntchito ya m'nyumba kuyambira iwe uli kumsana, uja ankakubisira masiwiti m'thumba la jekete. Dzina la Sajeni tinawapatsa ndife ndi malemu bambo ako, chifukwa ali mnyamata anakamenya nkhondo kumalire a Angola, ndipo ngakhale popita kukathirira maluwa ankayenda ngati ali pa perete. Anali ndi kachipinda kawo komweramo mowa. Khoma lonse linali zithunzi za anyamata ovala yunifolomu, zipewa, mipeni ndi mamendulo. Pansi panali makoko awiri a mkuwa a zipolopolo za mzinga, amene adona, akazi awo, ankaikamo maluwa. Amenewo anali otsegula pamwamba, ndinkalowetsa dzanja ndi kansalu mpaka pansi, munalibe kanthu koma akangaude. Koma pashelefu yapamwamba, pa kathabwa kosema bwino, panagona chitsulo ichi.

Tsiku loyamba kuchiona ndinakumbuka mango wa a Jelasi. Ndinalimba mtima n'kufunsa. A Sajeni anaseka mpaka kutsokomola, nati m'Chibunu chawo, "Dood, Grace, dood," kutanthauza kuti chinafa, uku akuchisisita pamimba. Ntchito ndinali nditangoipeza kumene, iwe ukuyamwa, bambo ako akusakabe maganyu. Ndinadziuza kuti munthu amene anamenya nkhondo akudziwa kuposa ine wogwira tsache. Ndinachipukuta fumbi Lachinayi lililonse mpaka imvi zinandipeza m'nyumba imeneyo.

Koma wantchito wa m'nyumba amaona zimene alendo saona. Ankandilola kusuntha chilichonse m'kachipindako, ngakhale mamendulo, koma ichi ankati ndipukutire pomwepo, ndisachitsitse. Zidzukulu zawo zikamabwera, dzulo lake ankachichotsa okha n'kukachitsekera m'kabati ya kugalaja, kiyi m'thumba. Ndiye chaka china waya anapsa kudenga, utsi unadzaza nyumba. Adona anathamangira mphaka ndi zithunzi za ukwati. A Sajeni, ndi mwendo wawo wodwala uja, anadutsa mu utsi kulunjika kukachipinda kaja, natuluka atachikumbatira pachifuwa ndi manja awiri, akuponda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa dimba, n'kuchigoneka pa udzu. Nkhope yawo inali itayera ngati ufa. Chinthu chakufa sachinyamula ngati khanda. Ndinaona, ndinamvetsa, ndinatseka pakamwa, ndipo Lachinayi lotsatira ndinachipukutanso.

Nditengere phunziro ili. Munthu akamakuuza kuti chinthu n'chosaopsa, usamvere pakamwa pake, uyang'ane manja ake mmene akuchigwirira. Pakamwa pa a Sajeni panali pa munthu wonyada amene sankafuna kutaya chikumbutso cha unyamata wake. Manja awo ankanena zoona.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene kwatifikitsa pano. A Sajeni atamwalira chaka chatha, adona atatsogola kale, ana awo anabwera kuchokera kunja kudzagulitsa nyumba. Mamendulo, zithunzi ndi makoko a mkuwa aja analongedza m'mabokosi awo. Tsiku lotsiriza mwana wamkazi anandiitana, nandilozera thiranki yachitsulo, nati muli zida za bambo ake, masipanala ndi nyundo, mwina ndikudziwa munthu amene angazigwiritse ntchito. Anandikumbatira akulira. Ine ndinagwada, n'kuomba m'manja, zikomo, zikomo. Ndinangotsegula pamwamba, ndinaona masipanala, n'kutseka msanga, poti kwathu mphatso saifufuza pamaso pa wopereka. Kunsi kwa masipanalawo, chitakulungidwa m'bulangete lakale lausilikali, kunali chitsulo chija.

Mtima wanga sukhazikika ndikaganiza za tsiku limenelo. Thirankiyo ndinaipeza ataiika kale panja, kutali ndi nyumba, pafupi ndi mpanda. Mchimwene wake wa mwana wamkazi uja, chimphona chimene chinanyamula mipando yonse chokha, thirankiyo sanaikhudze. Anaitana anyamata a galimoto yonyamula katundu, iye n'kuima pakhonde manja m'thumba. Mwina ndikuwanamizira, Mulungu andikhululukire ngati ndi choncho. Koma ndimaganiza kuti kuitana apolisi kukanachedwetsa kugulitsa nyumba ndege yawo ikudikira, pomwe ine Grace ndimalandira chilichonse ndi manja awiri.

Thirankiyo inadumpha mabampu onse a mu msewu wobwera ku Daveyton, ndipo inakhala miyezi kunsi kwa bedi limene iwe ndi ine timagonapo. Chinkhoswe chako chitachitika ndinafuna kutchuka ngati mpongozi wopatsa, ndiye ndinaitumiza yonse kwa amuna ako osaikhuthula. Anainyamula ndi a Mbewe, mnzawo wa malemu bambo ako, amene tinawapempha kukhala ankhoswe athu poti amalume ako ali kumudzi. Chotero usakwiyire amuna ako. Bomba limeneli m'nyumba mwako ndinalilowetsa ndine, ndipo anandithokoza.

Phunzira kukana mphatso, mwana wanga. Ndinakulera kuti uzilandira ndi manja awiri, ndipo sindikubweza mawu amenewo. Koma ukalandira, tsegula mpaka pansi wopereka akuona, ndipo ufunse kuti ichi n'chiyani. Akakwiya ndi funso, dziwa kuti sanakupatse mphatso, wakutuma kudzala.

Kulakwa kwachinayi ndi kwa Lamlungu lapitali, ndipo kukundipwetekabe. Ndinapita ku Katlehong ndi a Mbewe kukasiya mapoto ndi mabulangete ako. Apongozi anga atandiona pageti anachita mwaulemu wake, anatuluka n'kukakhala kuseri kwa chipinda kuti ndilowe momasuka. Ndinayala mabulangete, ndikutembenuka kuti ndiike mapoto pafupi ndi sitovu, n'kuchiona. Penti yobiriwira ija aipala ndi sandipepa mpaka chikuwala, ndipo pafupi ndi kamphuno alembapo mtanda ndi choko, pamene akufuna kubowola. Panja zidzukulu za amasitande, eni ake a yadiyo, zinkasewera mpira, ukumenya chitseko chomwecho.

Ukudziwa mwambo wathu. Ine ndi amuna ako sitiyang'anana m'maso, sitilankhulana, ndipo waona kuti kalata yonseyi dzina lawo sindinalilembe. Ndinatuluka, ndinakhala pa kireti nditayang'ana kumpanda, n'kuuza a Mbewe momveka bwino kuti akauze apongozi anga kuti chitsulo chija ndi bomba, asachikhudzenso, ndipo ana achoke pakhomopo. A Mbewe anazungulira pakona, makutu anga akumva, nati, "Eish, mamazala, apongozi anu aja, akuti kachitsulo kaja sikanawasangalatse kwenikweni, neh." Mawu anga anachoka ali moto, anakafika ali phulusa. Apongozi anayankha mofatsa, ndikukhulupirira atagwada komweko, "Auzeni amayi asadandaule, chinafa kale. Ndachigwedeza ndithu, mkatimo simukulira kanthu." Anachigwedeza, Tadala. Anachiika pakhutu n'kuchigwedeza ngati dzira.

Pamenepo ndinayenera kudzuka, kuzungulira pakona paja, n'kuwayang'ana m'maso. Ndinaganiza zoti anthu adzati mayi wa Tadala alibe mwambo, wayamba kulamula mkamwini mwana asanalowe m'nyumba. Ndinakwera takisi ndi manyazi anga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuferamo ndi ana a eni ake. Mwambo ndi wabwino, umasunga ulemu m'banja. Koma anthu amene anauyambitsa sankaganiza za mabomba.

Tsopano za a Mbewe, ndipo utsitse mawu ukafika apa. Mu takisi pobwerera anandifunsa mafunso ambiri kuposa munthu amene amakhulupirira kuti chinthu chinafa. Kodi a Sajeni anali ndi china? Kodi anachitenga chaka chanji? Kodi kamphuno kaja kamamasuka? Kenaka anandinong'oneza kuti, "Hayi, sisi, musachite phuma. Zinthu zakalezi mumakhala mekyule ofiira mkati, kuli mjita wina, mnyamata wa kusikirepu kwa zitsulo zakale kuja, amagula." Nkhani ya mekyule ofiira ndinayamba kuimva ndili kumudzi. Nthawi ina ankati ali m'simbi zakale za makala, nthawi ina m'makina osokera. Munthu amene analemera nawo sindinamuonepo, koma amasiye ake ndawaonapo. M'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mawu anga anazizira pakona paja, ndiponso chifukwa chake a Mbewe adzipereka kuperekeza amuna ako ku Wadeville Lolemba, iwo amene sadzuka m'mawa ngakhale pa maliro. Si munthu woipa, anatithandiza bambo ako atadwala. Koma akabwera kwa iwe ndi nkhope yachifundo kuti uwapatse akakutayire, usawapatse kiyi. Ndabwereza, a Mbewe usawapatse kiyi.

Ndipo uganize za Lolembalo. Chitsulo m'chikwama chakumsana, takisi yodzaza anthu opita kuntchito, dalaivala akuthamangira makasitomala, kenaka makina obowolera pamene pali mtanda wa choko paja, anzawo a ntchito ataima mozungulira kuonerera luso. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba, ndipo ine ndaimva.

Ndikudziwa chimene chinakupangitsa kundidula dzana. Si kuti sunandikhulupirire. Unaopa mawu akuti apolisi, chifukwa pemiti ya amuna ako yokhalira m'dziko muno inatha ndipo yatsopano sinatuluke. Ukuopa kuti abwera chifukwa cha chitsulo n'kuchoka ndi mwamuna, iwe n'kutsala ndi mphete ndi chipinda cha lendi. Mantha amenewo si opusa, nanenso ndili nawo. Khoswe wakhala pamkhate, ukaponya mwala uswa zonse. N'chifukwa chake ndataya masiku ndikuzungulira, kutumanso a Mbewe, kuyesa iwe, kusaka nambala ya amasitande amene anapita kumaliro kwawo. Chimene chandipumitsako n'chakuti kuyambira Lachinayi apongozi akugona kuno kwa anzawo a kutchalitchi, ndipo chipindacho n'chokhoma.

Dzulo ndawapeza amasitande pafoni. Ndi mayi wa Chisotho wolankhula ngati akukalipa, ndipo ndinkayembekeza kuti andiuza kuti alendo tabweretsa mavuto. Koma nditafotokoza anangoti zidzukulu zawo azichotsa nthawi yomweyo zikagone kwa mchemwali wawo, ndipo iwo afika mawa m'mawa ndi kiyi wawo. Sanandifunse ngati chinafa kapena ayi. Munthu amene ali ndi ana pabwalo safunsa funso limenelo.

Ndiye mawa ziyenda chonchi. Kutchalitchi ndikhalapo, ndivala chitenje chathu chija, ndikuona ukuvala mphete, ndipo ndilulutira mpaka mawu atha. Koma mukamalowa muholo, mpando wanga ukhala wopanda munthu. Pa perekaniperekani akaitana mayi a mkwatibwi, avine ndi azakhali ako. Ine ndikhala mu takisi ya ku Katlehong. Mapepala anga ali bwino, ndi chinthu chimodzi chimene a Sajeni anandithandiza ndi mtima wonse. Ndikaimba foni ndine, nditaima ndi amasitande, ndipo ndikawauza zoona zokhazokha: chitsulocho chinachokera kunyumba ya abwana anga, anapatsa ine, ndipo ndine amene ndinachitumiza kumeneko. Dzina limene akalembe ndi langa. Kuli apolisi ena odziwa za mabomba, amenewo ndi amene akachichotse, osati ine, osati iwe, osati amuna ako.

Anthu alankhula, usakayike. Ati ndinakwiya ndi chakudya, ati sindinamufune mkamwini, ati ndinapita kukaika mankhwala m'chipinda chanu. Azimayi omwe akusenda anyezi panjapa ndi amene ayambe. Zikundiwawa, Tadala. Tsiku limeneli ndaliyembekezera kuyambira pamene ndinkakolopa m'nyumba ya a Sajeni iwe uli kumsana, ndipo ndinkafuna ndivine mpaka nsapato zindikane. Usanditeteze kwa aliyense, ungomwetulira n'kuvina.

Kwa iwe ndikupempha izi. Mukatuluka m'tchalitchi, upeze kamphindi muli awiri, uwawerengere amuna ako kalatayi mokweza. Ine sindingawalankhule, koma palibe mwambo woletsa mkazi kuwerengera mwamuna wake kalata ya amayi ake. Usafewetse mawu ngati a Mbewe, uwerenge monga ndalembera, ndi pomwe ndawayamikira pomwe. Akwiya, chifukwa anapala chitsulo chija masiku angapo akuganiza za nkhope yako ukadzaona nyale ikuyaka. Uwauze kuti mphatsoyo waiona ndi mtima ndipo wathokoza, koma sukuilandira. Ndi mawu ovuta kuyamba nawo banja, koma ukawatha amenewa ena onse adzakhala opepuka.

Apolisi kuno amabwera nthawi yawo, mwina msanga, mwina dzuwa litapendeka. Galimoto yokuperekezani ikafika iwo asanamalize, mudzandipeza nditakhala pansi pageti, miyendo nditatambasula kuchokera mbali ina kufika ina. Geti la amasitande ndi lopapatiza. Apongozi anga ndi munthu woleredwa bwino, sangalumphe miyendo ya mpongozi wawo, ndipo sangandiuze kuti ndisunthe poti sitilankhulana. Mwambo umene unanditseka pakamwa Lamlungu uja utseka geti mawa. Iwe usatsike kudzandinyengerera, usandigwire dzanja kuti ndidzuke, ndipo usalowe. Mutembenuze galimoto. Bedi la kuno ndayala kale nsalu zatsopano, ine ndikagona kwa amasitande kapena kwa mchemwali wawo. Apongozi akadandaula, uwakumbutse kuti kwathu mkamwini amagona kwawo kwa mkazi, palibe chachilendo.

Ndipo nkhaniyi sikutha ndi chitsulo chimodzi. Amuna ako amaitanidwa kukachotsa zitsulo m'magalaja a anthu, ndipo sabwerako manja ali lende. Ku Benoni, ku Germiston, ku Boksburg kwadzaza akuluakulu amene anapita kunkhondo ija ali anyamata n'kubwerako ndi zikumbutso m'zikwama. Tsopano akumwalira mmodzimmodzi, ndipo magalaja awo akukhuthulidwira m'mayadi mwathu. Katundu akafika pakhomo, ukhale iwe woyamba kusuzumira. Ukaona chotsekeka chokhala ndi zipsepse, kapena kachitsulo konga chinanazi chaching'ono, kapena zipolopolo zakuda ndi ukalamba m'chitini cha mabisiketi, usachinyamule kuti uchione bwino. Usachiviike m'madzi, usachikwirire kuseri, usachiponye pamoto wa zinyalala. Usachitaye mubini, poti mawa lake wina wosaka mabotolo adzalowetsamo dzanja. Usakwere nacho takisi kupita kupolisi ngati munthu wabwino. Uchisiye pomwe chili, utulutse anthu, uimbe foni, ndipo ngati ukuopa kuimba undiimbire ine. Wina akati chinafa kale, umufunse funso la amayi ako lija.

Amuna ako adzutse mafiliji, adzutse mawailesi, adzutse mageti ndi mawilibala a Katlehong yense, ine ndidzakhala woyamba kuwatamanda kudzera mwa ankhoswe. Ichi chokha achisiye chigone. Nyale ndikugulirani ine, ya pulasitiki ya kwa Matchaina, yonyansa koma yofatsa.

Ndikumva mawu ako pageti, wabwerako, ndipo azimayi ayamba kale kuyamikira tsitsi. Ndiika kalatayi m'nsapato zako za mawa, poti kumeneko sungaiphonye.

Mwina ndalakwitsa. Mwina apolisi akachitembenuza n'kuseka, n'kunena kuti mkatimo mulibe kanthu, a Sajeni ankanena zoona, ndipo mayi wokalamba uyu wathawa phwando la mwana wake chifukwa cha chitsulo chabechabe. Zikatero mudzandiseke. Mudzatsanzire mmene ndinakhalira pageti monga ine ndinkatsanzira mayi uja pachitsime, mudzauze ana anu chaka chilichonse, ndipo apongozi anga adzaseke kuseri kwa chipinda ine ndikumva. Sindidzakwiya ngakhale pang'ono. Chimene ndikufuna n'chakuti nonse awiri mudzakhalepo oti mundiseke.

Ndine amayi ako,
NaSoko